Nkhafi Izioneka Bwino

Wongani, ika pansi sandipepayo. Ndamva kukwecha ndili m'nyumba, ndipo ndadziwiratu kuti wina watsitsa nkhafi yanga pakhoma. Maso anatha, inde, koma makutu ndikadali nawo. Bwera nayo kuno, undipatse m'manja. Iwenso Lusungu sendera, foniyo ipumeko kaye. Khalani pansi apa pakhonde, ana inu, ndikuuzeni za chinthu mukufuna kupalachi.

Ndilankhula Chichewa, poti Chitonga chanu cha ku Lilongwe chimandipweteka m'makutu. Mukati mupereke moni, ine kumva ngati ndaluma kamwala mumpunga. Changanso Chichewa n'chopindika, ndikudziwa, musaseke. Ife tinachitola kusukulu, pa wailesi ndi kwa ogula nsomba. Ndipotu nkhani ya nkhafi imeneyi inayambira pa Chichewa chopindikacho.

Zimene mwapangana ndazimva. Iwe Wongani ukuti kuloji kumene ukugwira ntchito ku Kande akufuna nkhafi yakale yoti aipachike pakhoma, alendo aziiona akamamwa tiyi. Ukuti mtengo wake ndi wabwino, kungoti penti wachikasuyu wauwononga, ndiye umupale, upake vanishi, mtengo uwale. Zoti pentiyu ndi wonyansa sindikutsutsa. Agogo anu aakazi, NyaLongwe, ananena zomwezo tsiku loyamba kumuona, ndipo sanabweze mawu mpaka tinawaika m'manda. Koma nkhafi imeneyi sipita ku Kande, ndipo pentiyu sachoka. Chifukwa chake ndi chimene ndakukhazikirani pansi.

Ine sindinabadwe mmisiri. Bambo anga anali msodzi, ndipo poti mwana wamwamuna ndinali ndekha, sanandilole kuchoka. Anzanga onse a msinkhu wanga ankakwera sitima kupita ku Joni ndi ku Harare, n'kubwerako atavala masuti, zipewa zopendekeka, nsapato zolira ngakhale pamchenga. Ine mtima kuwawa! Mukutidziwa ife Atonga pa nkhani ya kutchena. Munthu akhoza kugona ndi njala, koma kolala yakuda ayi. Inu mumayesa kutchena munayamba ndinu, ndi mathalauza anu ong'ambika m'mawondowa? Mukanandiona pa gule wa malipenga, yunifomu yoyera mbee, yositidwa ndi nsimbi ya makala, nthenga ili pachipewa, bwenzi mutakabisala kuseri kwa bafa.

Nyengo imeneyo kunabwera a Saidi, mmisiri wokhoma maboti a matabwa, wochokera ku Nkhotakota. Anali Msilamu wamfupi, kachipewa koyera pamutu, munthu wosachulutsa mawu. Anatsatira abale awo amene ankagula usipa kuno, n'kumanga kachisakasa pansi pa mango pafupi ndi doko. Ife tinkadziwa bwato losema ku chipika chimodzi basi. Boti lolumikiza matabwa linali chodabwitsa. Ndikachoka kunyanja ndinkakaima pamenepo, manja kumbuyo, kumangoyang'ana. Tsiku lina a Saidi anatukula mutu. "Achimwene, mwaima mokwanira. Tagwirani thabwa ili." Ndinagwira, ndipo kulowa ntchito kunali komweko.

Ndinkaganiza kuti mawa lake ndiyamba kukhoma boti. Aa, kuti! Anandipatsa kasemasema ndi chidutswa cha mlombwa, akuti ndiseme nkhafi. Ndinaona kunyozeka. Mwana wa msodzi, wobadwira panyanja, kumuphunzitsa nkhafi? Ndinasema msangamsanga n'kuwapatsa. Iwo anaitenga, analowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kupalasa kamodzi. Inalira kuti phwa!

"Wamva?" anandifunsa.

"Ndamva madzi."

"Nsomba nazo zamva. Kaseme ina."

Mwaona, ulemu wa achimwene uja unathera pathabwa. Tsopano ankangondiitana kuti iwe. Ndinasema nkhafi zambiri zimene zinathera kuwambira nsomba, mpaka pang'onopang'ono ndinayamba kuona zimene maso awo ankaona. Tagwira apa, Lusungu, yendetsa chala. Ukukamva kamsana aka pakati? Kamagawa madzi kuti nkhafi isamagwedezeke m'manja. Kunsongaku n'kosongoka ngati tsamba la mango kuti izilowa mwakachetechete. Apa pamene pachepa ndi pogwira dzanja lam'munsi, ndipo pakanenepa pang'ono chabe, pofika masana chikhatho chatuluka matuza. Sandipepa wanuyu ife tinalibe. Tinkapala ndi galasi la botolo losweka, n'kumaliza ndi mchenga wonyowa pa kansalu, mpaka zala kutha khungu.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti a Saidi sankasema nkhafi asanamuone mwini wake. Msodzi akabwera ankamuimika, kumuyang'ana mapewa, kumutambasula zala, kumufunsa ngati ndi wamanzere, kenako kumuyeza kuyambira pansi mpaka pachibwano. Wina akati, "Ingondipatsani iliyonse," ankamulozera njira ya kumsika. Iwe Lusungu ukuti kukoleji kwanu amakuphunzitsani zomwezo, zoti muziyamba mwaona munthu wodzakhala pampando musanajambule mpandowo? Ndiye aphunzitsi akowo ndi anthu abwino, ukawapatse moni wanga. Kungoti inu mumajambula pa kompyuta, ife tinkajambula ndi khala pathabwa.

Tinkakhala bwino ndi mkulu ameneyo, ngakhale iwo anali a kumzikiti, ine wa kutchalitchi. Nthawi yopemphera ikakwana ankasamba m'manja ndi kumapazi, kuyala kamkeka kuseri kwa boti, ine n'kuika hamala pansi kuti ndisawasokoneze. Lamulungu ankandithamangitsa okha, akuti pita ukaimbe, matabwa sathawa. Chimene chinawakanika ndi kondowole. Ankati chakudya chanji chokana kuchoka m'manja, ukachimeza n'kumakhala ngati chikufuna kubwerera. Koma mbale ankaisiya yoyera, makamaka pakakhala batala wowamba. Batala mumam'dziwa inu? Si wopaka pabuledi ayi, ndi nsomba, ndipo masiku ano kumuona ndi mwayi. Koma ndasochera, tibwerere ku nkhafi.

Itayandikira Idi, a Saidi anakonza ulendo wa kwawo. Anandiimika ine tsopano, kundiyeza mpaka pachibwano, n'kundipatsa mlombwa wabwino umene ankaubisa kudenga la chisakasa. "Iyi ndi yako. Ukamaliza kusema uipake penti, zitini ndi izo. Koma izioneka bwino, wamva? Izioneka bwino."

Ana inu, kumuuza Mtonga kuti chinthu chizioneka bwino! Ndinangoti, "Musade nkhawa, a Saidi, mwauza mwiniwake." Kusukulu aphunzitsi ankati malaya ooneka bwino, mtsikana wooneka bwino, ndipo tonse tinkadziwa kuti ndiko kukongola. Ndiye ndinatsegula zitini zonse. Nkhafi yonse ndinaipaka buluu wonga nyanja yomwe. Pamwamba pake mizere yobiriwira yokhotakhota, tinsomba toyera, maluwa ofiira kukwera nawo mpaka kuchogwirira. Burashi inali yaikulu, ndiye timaluwato ndinkalemba ndi nthenga ya nkhuku, lilime lili panja. Itauma sindinapite nayo kunyanja ayi. Ndinaiika paphewa n'kudzera nayo kumsika, anthu kusiya malonda n'kumandiyang'ana, kenako ndinazungulira njira yaitali yodutsa kwa a Longwe. Kumeneko kunali mtsikana wina amene ndinkamuona akuvina chilimika, koma pakamwa pake ndinkapaopa.

Ndinam'peza akuyanika chinangwa pathandala. Anayang'ana nkhafi, anayang'ana ine.

"Ada, imeneyo ndi yopalasira kapena yovinira?"

Ameneyo ndiye NyaLongwe, agogo anu. Mawu oyamba kundilankhula anali amenewo, ndipo ndinapita kunyumba ndikumwetulira njira yonse ngati wozungulira mutu.

A Saidi atabwerako ndinawaonetsa monyadira. Anaitembenuza uku ndi uku. M'mawa mwake anabwereka bwato, anatenga nkhafi yangayo ndi yawo, n'kundiuza kuti ndiime pamchenga ndisachotse maso pa iwo. Anapalasa mpaka anasanduka kadontho, anakhalako pang'ono, n'kubwerera.

"Waona chiyani?"

"Poyamba munangokhala. Kenako munakweza chinthu chachikasu."

"Poyamba paja ndinakweza nkhafi yako, ndi manja onse awiri, mpaka mapewa kuwawa. Chachikasucho ndi ichi." Anandionetsa kathabwa kamene tinkavundulira penti m'chitini, kauve, kosasemedwa n'komwe. "Ndinati izioneka bwino. Sindinati ikongole."

Ine sindinagonje msanga. Ndinati Chichewa ndi chanu, a Saidi, koma kuoneka bwino ndi kukongola, funsani aliyense. Tsiku limenelo ndi limene ndinaona koyamba mano awo onse. Anaseka mpaka kukhala pansi pamchenga, kachipewa kugwa. Atapuma anati, "Kumtunda ukunena zoona. Koma munthu ali pakati pa madzi, bwato litadzaza, safuna anthu amuyamikire. Amafuna amuone."

Kenako anandikhazika pambali pawo n'kuyamba kuloza nyanja ndi chibwano. Buluu ndi wobiriwira madzi amameza. Woyera ndi wabwino nyanja ikagona, koma mwera ukadzuka mafunde onse amachita thovu loyera, ndiye wako ndi uti? Wofiira ukatalikira amada. Timaluwa tako tija patali timasakanikirana n'kukhala matope. Wotsala ndi wachikasu, uja inu mumati yelo, ndipo azikhala yekha, pamalo paakulu. Ine ndinabadwira pano, madzi amenewa ndinkawaona tsiku ndi tsiku, koma zimenezi ndinali ndisanazione.

Maluwa aja ndinapala ndekha ndi galasi, mtima ukulira. Ndiye Wongani, kupala nkhafi imeneyi sunayambe ndiwe. Nditafika pamtengo, a Saidi anati ndipake chikasu mbali imodzi yokha, inayo ikhale mtengo. Ndinafunsa chifukwa, poti tsopano ndinali nditaphunzira kufunsa. Anati ikakhala yachikasu konsekonse izingothwanima nthawi yonse ukupalasa, ndipo a kumtunda adzazolowera, monga timazolowerera munthu wolongolola. Koma ikakhala mbali imodzi, ukamapalasa kubwerera kudoko chikasu chimayang'ana kumbuyo, chili chete. Ukachitembenuzira kumtunda ndiye kuti uli ndi mawu.

"Mawu ake oti chiyani?" ndinafunsa.

"Zimenezo upangane ndi wokudikira. Uli naye?"

Ndinalibe. Mayi anali atamwalira kale, ndipo bambo ankakhala panyanja ngati ine ndemwe. Ndiye ndinaiikanso paphewa, koma ulendo uno kumsika sindinadzereko. Ndinalunjika kwa a Longwe. Mtsikana uja anali pathandala pomwe paja, ndipo ataiona anagwira pakamwa.

"Mwe! Ija yamaluwa mwaitaya kuti? Iyi ndiye yonyansa, ngati mwavundulira maungu."

Ndinamufotokozera. Ndinati m'mawa ndikamabwerera, ndikangodutsa miyala ili m'madzi kutsogolo kwa doko ija, ndiziimika nkhafi chilili, chikasu chitaloza kumtunda, ndiye kuti ndili moyo, ndikubwera. Koma ndikamaigwedeza uku ndi uku, ndiye kuti zavuta.

"Nanga mukuuza ine bwanji? Ndine mlonda wa padoko?"

"Ndimangonena."

"Kanenereni kwina."

Kufunsira kwanga kunali kumeneko, ana inu. Panalibe za mauthenga a pafoni ndi timitima tofiira. Zotsalazo anamaliza ndi akuluakulu, ndipo tinadalitsa ukwati kutchalitchi, ine nditabwereka suti ya msuweni wanga wa ku Joni, mikono yake yofika kuzala. Za maungu zija zinamveka padoko, anzanga n'kundipatsa dzina la Ada Maungu, ndipo lilipobe mukafunsa nkhalamba zinzanga.

Titamanga nyumba ino, NyaLongwe anaumirira kuti thandala lawo likhale mbali iyo, poonekera nyanja. Ndinati kuseri kuli malo abwino, iwo akuti dzuwa la kuno ndiye limaumitsa chinangwa msanga. Dzuwa lomweli, bwalo lomweli! Ndinakhoma thandala pamene anafuna. M'mawa uliwonse ndikadutsa miyala ndinkaimika nkhafi, kumtunda kuli zii, palibe ngakhale kukupiza chitenje. Koma ndikafika, madzi osamba ndinkawapeza ali bwinobwino, osawotcha, osazizira, ngati kuti wina anadziwa nthawi yowaphulira.

"Munandiona?" ndinkafunsa.

"Ada Mhone, ine ndili ndi ntchito. Ndiziyang'ana panyanja ndine nkhwazi?"

Zaka zinapita choncho. A Saidi anakalamba n'kubwerera kwawo, kundisiyira kasemasema kaja, kamene kali pansi pa bedi mpaka lero. Ndinakhoma maboti ambiri, ena mwina akuyendabe. Eni ake ankafuna maluwa, mayina, mavesi, ndipo sindinkawakaniza, ndine Mtonga ine. Kungoti zokongolazo ndinkaika m'kati ndi m'mbali, poona mwiniwake ndi anthu a padoko, koma kumphuno kwa boti ndinkapaka mtundu umodzi wowala, wa anthu akutali. Maluwa anga ofiira aja sanafe ayi. Ndinawasamutsira pa kampando ka agogo anu, kamene wakhalira iwe Lusungu. Tasuzumira kumiyendo, uwaona. Kameneko sananenepo kuti n'konyansa.

Tsiku limene ndikufuna mulimve linali la m'nyengo yozizira, bambo ako, iwe Wongani, akadali khanda la kumsana. Ngakhale ndinali mmisiri, nyanja sindinaisiye. Ndinali ndi matchera anga cha ku Bandawe. Ndinapita ndekha kukawaonjola, nyanja ili phee. Dzuwa litangokwera, mwera unadzuka mosapereka moni. Funde loyamba linadzaza bwato, lachiwiri linaligubuduza. Ndinakwera pamsana pa bwatolo n'kulipana ndi miyendo, ndipo mphepo inayamba kundikankhira kumpoto, kutali ndi kumene anthu ankadziwa kuti ndili. Matchera anapita, chipewa chinapita, koma nkhafi ndinali nayo. Ndinaitembenuzira kumtunda n'kuyamba kuigwedeza. Dzanja ili likafa, ndinkasinthira ili. Mtunda ndinkauona pokhapokha funde likandinyamula. Ndinaopa, sindikubisirani, ndinalira mokweza ndili ndekhandekha.

Za kumtunda anandiuza pambuyo pake ndi alamu anga. Akuti anzanga onse anali atafika, ndipo amuna anasonkhana padoko akuyang'ana ku Bandawe kumene kunali matchera. Ena anali atayamba kale kupukusa mitu. Kenako anangoona NyaLongwe akutsetsereka chothamanga kuchokera kuno, mwana akulendewera kumsana, m'manja muli mbuu chinangwa, akukuwa.

"Mukuyang'ana kolakwika! Ali uko! Akugwedeza!"

Amuna anayang'ana, akuti sitikuona kanthu, ama, ndi thovu chabe. Iwo sanatsutsane nawo. Anamasula mwana n'kupatsira mayi wina, anakwinya chitenje, n'kulowa m'boti la matabwa limene linali padoko, lokhoma ine ndemwe. Amuna akuti mkazi sakwera boti la nsomba, tsikani. Iwo akuti, "Bwerani munditsitse, koma woyamba kundigwira aona." Palibe anayerekeza. Anakankha boti, agogo anu ataima kumphuno, dzanja lili chiloze osalitsitsa, akuwauza opalasa kuti kumanja, kumanzere, mpaka nawonso anayamba kuona kachikasu kakuthwanima pakati pa thovu.

Atandikokera m'boti ndinali wozizira ngati nsomba, mano akugundana. NyaLongwe ananditsamiritsa pamiyendo pawo n'kundifunditsa chitenje. Mawu atabwerera ndinati, "NyaLongwe, ndiye kuti mumayang'ana."

"Ndimayanika chinangwa ine," anatero, misozi ikugwera pankhope panga. "Chinthu chonyansachi chimangolowa chokha m'maso."

Pambuyo pake omwe ankanditcha Maungu aja anayamba kubwera mmodzimmodzi, nkhafi atazibisa kumbuyo, akuti tapakaniko pang'ono, Ada. Ndinkayamba ndawafunsa funso la a Saidi lija, ngati ali naye wowadikira. Wina ndinkamupakira theka, wina kunsonga kokha, kuti akazi awo asasokonezeke, koma yachikasu mbali yonse inakhala yanga yokha.

Kuyambira chaka chimenecho, mwera ukamayandikira, ndinkapeza kachitini ka penti wachikasu pambali pa kapu yanga ya tiyi. Agogo anu ankangokaika, ngati kabwera kokha. Musaone ngati zinali zapafupi. Masiku amenewo penti sankapezeka wamba pa Chintheche. Ankachita kutuma anthu opita ku Nkhata Bay, kapena kuyenda okha wapansi kudzera ku Limphasa atasenza usipa, n'kubwerako ndi mpunga pamutu, kachitini atakamangirira kunsonga ya chitenje. Inu mumakwera minibasi n'kumadandaula kuti mwapanikizana. Tayesa kukanda apa ndi chikhadabo, Wongani. Ukuona kukhuthala kwake? Iwe umayesa ndi penti wopakidwa mosasamala. Ndi zaka zimenezo, china pamwamba pa chinzake. Ngakhale nditasiya nyanja, mawondo atakana, kachitini kankabwerabe, ine n'kupaka, nkhafi n'kubwerera pakhoma.

Pa matenda omaliza a agogo anu inu munali ku Lilongwe, munangobwera pamaliro. Anagona m'chipinda umo, nkhope italoza kukhomo, pamene nkhafi imaonekera. Tsiku lina masana ndikuwamwetsa phala, anakankha supuni.

"Ada Mhone, ine ndatsogola."

Ndinati musalankhule choncho, mudzuka.

"Tamverani. Kumene ndikupitako anthu ndi ambiri, ndipo inu mwakalamba, mwafanana ndi nkhalamba zina zonse. Mukamadzabwera mudzatenge chinthu chanu chonyansacho. Mudzachiimike chilili."

"Nanga mudzakhala mukuyang'ana?"

Anatseka maso, ndipo ndinaona milomo ikugwedera, akufuna kuseka. "Ndidzakhala ndikuyanika chinangwa."

Ndimawasowa, ana inu. Ndimawasowa kwambiri m'mawa, nthawi ya madzi otentha ija. Ndimasowa ngakhale pakamwa pawo paja. Chimwalirireni iwo, kachitini sikanabwerenso, ndipo ine ndekha sindingathe, manja akunjenjemera, maso ndi awa. Kuchipatala anandiuza kuti si ng'ala yoti angachotse. Nkhope zanuzi sindikuziona, ndimakudziwani ndi mawu. Nyanja ndi thambo zinasanduka chinthu chimodzi chotuwa. Koma ndikadzuka n'kuyang'ana kukhoma, kachikasu kaja ndimakaona, kokhako m'nyumba monse. A Saidi sananame. Kungoti chaka chino kayamba kuzilala, ndipo ndikuopa. Ngati ine ndili pafupi chonchi ndikukaona movutikira, nanga munthu woyang'ana ali kutsidya?

Ndiye mwamva chifukwa chake. Tsiku langa likadzafika mudzaiike m'bokosi pambali panga. Za kutalika musadere nkhawa, inayezedwa pa ine, imafika pachibwano, idzalowa bwinobwino. Akulu ampingo akadzafunsa, mudzati ndi ndodo ya nkhalamba. Iwe Wongani, pukuta m'maso, ndamva mphuno yakoyo. Sunalakwe kanthu. A kuloji tiwasemera yawo. Kasemasema kali pansi pa bedi, mlombwa tiufuna, iwe uzisema, ine ndizimva ndi zala. Imeneyo ndiye upake buluu, tinsomba, maluwa mpaka kuchogwirira, poti idzaonedwa ndi anthu okhala pafupi, kapu ili m'manja. Kadulidwe ka nthenga ya nkhuku ndikuonetsa.

Wati bwanji, Lusungu? Kuli wachikasu wina wowala kuposa uyu, wonga wa majekete a anthu okonza msewu? Ndipo ukuti tikazunguliza kamzere kakuda m'mphepete chikasucho chimadzuka kwambiri? Ha! Zimenezo ngakhale a Saidi sanandiuze. Yewu, ama, ndathokoza, chita momwemo, ntchito ndakupatsa iwe. Sandipepa uja tsopano mutole, koma mungopitsa pamwamba pang'ono kuti watsopanoyo agwire. Za pansizo musazikhudze, ndi za agogo anu.

Nyamukani, lero ndi Lachisanu, wasitolo atseka popita kumzikiti. Mukapaka, ikauma, Wongani aitenge akaime nayo kuja kunali thandala, aiimike chilili, ine ndikhala pompano ndiyang'ane. Ndikaiona ine ndi maso angawa, ndiye kuti nawonso adzaiona. Mbali imodzi yokha, Lusungu. Koma izioneka bwino, wamva? Izioneka bwino.